Kalata yotseguka kwa akuluakulu a zamasewera: mzere wa Region 5 wayambiranso, ife tikudikira chani?

Kwa Olemekezeka a Nduna oona za achinyamata ndi masewera, akuluakulu a Malawi National Council of Sports, ndi mabwana a AUSC Region 5, bungwe la zamasewera la African Union kummwera kwa Africa, ku likulu lanu ku Gaborone,

Moni nonse kuchokera kuno ku Joni. Dzina langa silingakuthandizeni kanthu, ndine mmodzi chabe mwa aMalawi ambirimbiri amene tikusakasaka kuno. Kumudzi ndinali mphunzitsi wa pulayimale ndipo zamasewera pa sukulu pathu ndinkayendetsa ndine, pano ndimagulitsa misomali ndi penti mu shopu ina ku Mayfair ndipo Lamulungu masana ndimayimbira mpira wa anyamata akwathu. Kalatayi ndayiika poyera dala kuti anzanga nawonso awerenge, chifukwa masewera a Region 5, mpikisano wa achinyamata a mayiko khumi a kummwera kwa Africa, ambirife timangowadziwa kuti ndi zija zinachitika ku Lilongwe mu 2022 zija, basi, ngati zinangotulukira. Chonsecho mpikisano umenewu uli ndi mbiri yake yaitali ndithu, ndipo mukaitsata bwinobwino mbiriyo ikutiimba mlandu ife aMalawi.

Ndiyambire kumbuyo pang'ono, pepani mabwana ndikudziwa inu izi mukuzidziwa kale koma owerenga ena ayi. Mu 1966 mayiko a mu Africa anakhazikitsa bungwe la Supreme Council for Sport in Africa ku Bamako, ndipo nkhondo yake yaikulu masiku amenewo inali yolimbana ndi tsankho la apartheid, kukoka mayiko kuti asamasewere ndi South Africa. Bungweli linagawa Africa mzigawo ndipo ife akummwera kuno tinali Zone 6. Koma mpikisano wa ana a chigawo chonse nthawi imeneyo ukanachitikira kuti? South Africa inali yosalidwa, Namibia ufulu inadzalandira 1990, ku Mozambique nkhondo inatha 1992, ku Angola mfuti zinalira mpaka 2002. Ife amene tinakulira mmaboma a mmalire ngati Ntcheu, Dedza, Mwanza ndi Nsanje tikukumbuka mmene anzathu a ku Mozambique anadzadzira mmisasa ndi mmidzi yathu, anthu pafupifupi 1 miliyoni, ena tinaphunzira nawo kalasi imodzi ndipo chikulunga tinkamenyera limodzi madzulo. Mpikisano wa mayiko umene ana a nthawi imeneyo tinaudziwa unali umenewo, wa pa bwalo la fumbi kuseli kwa tchalitchi.

Nde zinthu zitayamba kukhala mmalo, nduna za masewera za Zone 6 zinakumana ku Cabinda ku Angola mu 1997 nkumvana zoyambitsa masewera a achinyamata. Koma msonkhano umene ine umandikhudza kwambiri ndi wa pa 7 September 1999, umene unachitikira mumzinda muno mwa Johannesburg, kutatsala masiku ochepa kuti All-Africa Games iyambe. Apo mpamene anamanga mfundo yoti masewerawa azichitika zaka ziwiri zilizonse, mayiko azilandirana, ndipo palibe kukana, nthawi yako ikakwana ulandire alendo basi. Ndi chipereganyu chenicheni chonga chimene timachita kuno pakutha pa mwezi, aliyense amadziwiratu mwezi wake, ndipo amene ali kumapeto kwa mndandanda ndi amene amakhala ndi nthawi yambiri yolingalira chimene adzagule. Anthu amene anaganiza zimenezi anali anzeru, ndikunena zoona. Akanati mayiko azichita kulimbirana ngati mmene zimakhalira ku Olympics bwenzi chaka chilichonse tikupita ku Durban kapena ku Pretoria, ndipo nduna ya masewera ya ku Lesotho kapena ya kwathu ikanapeza pati poyambira kupempha ndalama ya dziwe losambiramo kwa mnzake wa zachuma, amene pa tebulo pake pali kale nkhani ya feteleza ndi mankhwala a mzipatala? Kukakamizako ndi kumene kunali mphatso kwa mayiko osauka.

Mpikisano woyamba unachitikira ku Maputo mu 2004, patangopita zaka 12 nkhondo itatha, dziko lomwe lija anthu ake ankathawira kwathu ndi limene linayamba kuyala mphasa. Kenako Windhoek mu 2006. Mu 2008 inali nthawi ya South Africa ndipo iwo sanawatengere ku Joni kapena ku Cape Town ayi, anawatengera ku Potchefstroom, tauni ya yunivesite imene ili pa msewu wa N12 ukachoka kuno kulowera ku Kimberley. Chaka chimenecho mundilole ndikhalepo pang'ono. Aliyense amene anali kuno mu May 2008 sangaiwale, zinayambira ku Alexandra nkufalikira mmakomboni ena, anthu 62 anaphedwa, anthu ankagona pa polisi ndi mmatchalitchi, mabasi ankanyamuka odzaza aMalawi obwerera kumudzi atangonyamula bulangeti. Ndipo ku Alexandra komweko kuli malo otchedwa Tsutsumani, nyumba zimene anamangira othamanga a Africa yense pa All-Africa Games ya 1999, masewera atatha nkuzipereka kwa anthu. Tangoganizani, malo amene anamangidwa kuti mlendo wa ku Africa agonepo, mkomboni yomweyo mlendo wa ku Africa akuthamangitsidwa ndi zikwanje. Chaka chomwecho dziko lomwelo linalandira ana a ku Mozambique, Zimbabwe ndi Malawi ndi mbendera zawo ku Potchefstroom. Sindikunena kuti mpira kapena nkhonya zingathetse chidani cha munthu amene alibe ntchito, ayi, koma kwa ife amene timatchedwa makwerekwere mu takisi, masiku khumi amene mwana wa ku Soweto amadya pa tebulo limodzi ndi mwana wa ku Ndirande si nkhani yaing'ono, ndipo nchifukwa chake zimandipweteka kuti mpikisano umenewu anthu sawudziwa nkomwe.

Kuchoka apo mzere unayenda bwino. Swaziland imene pano ndi Eswatini mu 2010, Lusaka mu 2012. Mu 2013 bungwe lakale lija linathetsedwa zamasewera nkulowa mmanja mwa African Union, nde dzina linasintha kuchoka pa Zone 6 kukhala Region 5, koma mayiko ndi omwewo khumi, Angola, Botswana, Eswatini, Lesotho, Malawi, Mozambique, Namibia, South Africa, Zambia ndi Zimbabwe. Mu 2014 Zimbabwe, chuma chili pa mavuto ngati mmene tonse tikudziwira, inasankha Bulawayo osati Harare, nkukonza White City, Luveve, Barbourfields ndi dziwe la mumzindawo. Anzathu achiNdebele amene timagwira nawo ntchito kuno amadandaula zambiri za boma lawo koma za 2014 amazikumbuka, chifukwa kwa kanthawi ndalama ya boma inaoneka kwawo. Kenako Luanda 2016, Gaborone 2018, Maseru imene imayenera kukhala 2020 koma Covid inaikankhira ku December 2021.

Werengani nokha mabwana, amenewo ndi mayiko 9. Wa nambala 10, womaliza penipeni, ndi ife.

Pa 2 mpaka pa 11 December 2022 Lilongwe inalandira alendo. Ndisaname, tinanyada. Kuno tinkaonera pa mafoni, data ikutha, wina kugwira foni ena asanu kusuzumira pa phewa, kuona ana a mayiko khumi akulowa mu Bingu National Stadium mbendera yathu ili pamwamba. Ndipo nthawi yake inali yovuta zedi, kolera inali itagwira dziko, mafuta anthu ankagonera pa mzere, kwacha inali itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May chaka chomwecho, nde amene anagwira ntchito usiku ndi usana kuti zitheke, ma volontiya, aphunzitsi, madalaivala, amayi ophika, ulemu wawo alandire. Koma chimene chinatichititsa manyazi nonse mukuchidziwa. Griffin Saenda Sports Complex ndi dziwe lija la ku Kamuzu Institute for Sports, mmene alendo amafika amisiri anali akadali pa ntchito, ndipo masewera atatha ntchito inapitirirabe. Anzathu akuno ankatiseka, ife nkumangoti aaa zimachitika kulikonse. Koma mumtima funso linali limodzi, tinadziwa liti kuti tidzalandira alendo? Mfundo inamangidwa 1999. Mpikisano unayamba 2004. Kuchokera pa tsiku la msonkhano wa ku Johannesburg kufika tsiku lotsegulira ku Lilongwe ndi zaka 23, mwana wobadwa tsiku limenelo anali atapitirira kale msinkhu wopikisana nawo. Mzaka zimenezo a Muluzi analamula, a Bingu, amayi Joyce Banda, a Peter Mutharika, a Chakwera, nde pano palibe chipani chimene chingaloze chinzake chala, aliyense anadutsapo nkusiyira wobwera. Tinaona mayiko 9 akulandira alendo mmodzimmodzi, ana athu tinkawatumiza konse uko, ma ofisala ankapita nawo ma alawansi nkulandira, koma simenti tinadzayamba kusakaniza alendo ali pa khomo, nthawi imene kwacha yagwa ndipo chitsulo chilichonse chochokera kunja chakwera mtengo. Kuchedwa kumeneko kunatidyera ndalama, ndalama ya msonkho ya mayi wogulitsa tomato ku Mchesi.

Chabwino, zinapita. Nyumbazo pano zilipo ndipo ine sindili mgulu la anthu amene amati zinali zosafunika. Dziko limene Queens yake inafika pa nambala 5 pa dziko lonse mu 2007 likuseweretsa atsikana pa simenti ya panja ku Blantyre Youth Centre (BYC) dzuwa likuswa mtengo, limayenera kukhala ndi bwalo la mkati kalekale, ndipo kulitcha dzina la malemu Griffin Saenda amene anaphunzitsa timuyi munachita bwino. Funso langa ndi lakuti mkatimo mukulowa ndani Lachiwiri mmawa? Nyumba ya masewera ikamadzadza pa tsiku la ukwati, msonkhano wa chipani ndi mapemphero a usiku okhaokha ndiye kuti tamanga holo yodula chabe. Ndikudziwa magetsi ndi mankhwala a mmadzi amafuna ndalama ndipo kubwereketsa nkofunika, koma payenera kukhala masiku olembedwa, odziwika, oti sukulu za boma za ku Kawale, Chinsapo, Area 25 ndi Mtandire zizibweretsa ana ulere, ndipo ndandanda wake uzikhomedwa pa geti kuti kholo lililonse liziwona. Za dziwe nde zimandiwawa kwambiri. Tili ndi nyanja kuchokera ku Karonga mpaka ku Mangochi, mwana wa ku Likoma, Nkhata Bay kapena Nkhotakota amadziwa kusambira asanadziwe kulemba dzina lake, amamira pansi kukakola ukonde mpweya osamuthera, koma kusambira kwa mpikisano kwakhala kwa ana a sukulu zolipira za mtauni chifukwa ndi kumene kuli maiwe ndi makochi. Basi imodzi pa holide iliyonse, kutenga ana 30 a kunyanja kukawasunga masabata awiri ku Lilongwe, kochi awaonetse kadumphidwe ndi katembenukidwe pa khoma, zimenezo sizingafike ndi pa mtengo wa galimoto imodzi ya bwana.

China ndi ichi, ndife anthu oiwala. Pitani pa depoti ya mabasi ku Lilongwe kapena pa Park Station kuno mufunse mMalawi aliyense akutchulireni mwana mmodzi yekha amene anapata mendulo mu 2022, muona mmene akuyang'anireni. Nanga a ku Maputo 2004, a ku Lusaka, a ku Bulawayo? Anawo pano ndi azibambo ndi azimayi, ena mwina tili nawo konkuno akusamalira maluwa ku Sandton kapena kusoka makatani ku Fordsburg, mendulo ili mu sutikesi kumudzi. Matenda amenewa ndi akale. Ndi angati amene akudziwa kuti mamendulo athu a Commonwealth Games anabwera ndi ankhonya, Tatu Chionga mu 1970, Lyton Mphande ndi Solomon Kondowe mu 1986, onse ku Edinburgh? Kapena kuti Flames inatenga mendulo ya nambala 3 pa All-Africa Games ku Nairobi mu 1987? Ine ndikupempha chinthu chotchipa kwambiri pa zonse, a Khonsolo tulutsani maina a mwana aliyense amene anaimirirako Malawi pa masewerawa kuyambira 2004, masewera ake, boma lochokera, sukulu yake, nthawi imene anathamanga kapena mendulo imene anapata, muziike pa intaneti ndi pa khoma la Griffin Saenda. Si zokongoletsa ayi. Ndandanda umenewo ndi umene ungatiuze kuti mwa ana amene tinawatumiza ali ndi zaka 17, ndi angati anafika ku timu yaikulu, angati anasiya, anasiyira pati, chinawasiyitsa nchani, mimba, fizi, kuvulala bondo popanda womulipirira chipatala, kapena basi ya ku Joni. Ndinali mphunzitsi ine, rejisitala ndimaidziwa ntchito yake, mwana amene sunamulembe sungadziwe tsiku limene wasiya kubwera.

Tayang'anani anzathu amene timapikisana nawo mu Region 5 momwemu. Botswana anthu ake sakwana 3 miliyoni, ife tapitirira 20 miliyoni. Nijel Amos anatenga siliva ya 800m pa Olympics ku London mu 2012 ali ndi zaka 18, msinkhu weniweni wa masewera athuwa. Letsile Tebogo anatenga golide ya 200m ku Paris mu 2024 dziko lonse la Botswana nkupatsidwa tchuthi. Zambia yomwe timadya nayo nsima imodzi ili ndi Olympic Youth Development Centre ku Lusaka kuyambira 2010, ndipo Muzala Samukonga anatenga golide ya 400m pa Commonwealth Games ku Birmingham mu 2022 nkudzatenganso mendulo ku Paris. Ife tinayamba kupita ku Olympics mu 1972 ku Munich ndipo mpaka lero mendulo ngakhale imodzi. Luso lilipo, zimenezo musatiuze. Tabitha ndi Temwa Chawinga anachokera ku Rumphi, wina akusewera ku France wina anasankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse mu ligi ya ku America. Mwawi Kumwenda anakagwedeza Australia. Asimenye Simwaka anafika mu fainolo ya 400m ku Birmingham komweko. Koma mukamva nkhani za anthu amenewa mupeza kuti ambiri anadzikoka okha, kapena panapezeka munthu mmodzi wa mtima wabwino amene anawaona, osati kuti panali njira yokonzedwa yochokera pa bwalo la sukulu kufika pamwamba. Masewera a Region 5 amayenera kukhala pakati pa njira imeneyo, pansi pake pali MASSA, bungwe la masewera a msukulu, ndi mipikisano ya mazoni ndi ya maboma chaka ndi chaka, pamwamba pake pali African Games ndi Commonwealth. Ife timawatenga ngati ulendo, kusonkhanitsa ana kutatsala masabata ochepa, kuwagulira ma tirakisuti, kujambulitsa pa eyapoti, akabwerako aliyense kwawo tionana zaka ziwiri zikubwerazo ngati udzakhale usanakule. Ndipo mphunzitsi wa zamasewera kumudzi, amene ndi woyamba kumuona mwana wa liwiro, alibe wotchi, alibe wezulo, mpira umodzi sukulu yonse, ndalama ya thiransipoti yopitira ku zoni amasonkhetsa ana ma 200 kwacha. Ndinazichita zimenezo ndikudziwa.

Tsopano ndinene za ife a kuno, chifukwa mwina mukudabwa kuti mtchona zikumukhudza bwanji. AMalawi tinayamba kubwera ku Joni nthawi ya Wenela ndi Theba, agogo athu ankalowa mmigodi, ndipo pa mpira dzina lathu kuno ndi lolemera, Ernest Mtawali, John Maduka, Patrick Mabedi amene anavala lamba wa ukaputeni ku Kaizer Chiefs, Gabadinho Mhango amene anamwetsa zigoli 16 ku Orlando Pirates mu sizoni ya 2019/20. Kusiyana kwake nkwakuti agogo aja ankabwera okha, ife tili ndi mabanja, ndipo ana athu akukulira kuno. Akuphunzira sukulu zimene temu yoyamba ya chaka ndi ya mipikisano yothamanga, nthawi yozizira ndi ya netibo, ena amasambira ku Ellis Park ndi ku Zoo Lake, nthawi zawo zimalembedwa ndi makina osati kuyerekeza ndi maso. Ndipo lamulo la kuno silipereka unzika kwa mwana chifukwa chongobadwira kuno makolo ake ali alendo, nde ambiri mwa ana amenewa pa pepala ndi aMalawi, jezi ya South Africa sangaivale, ya Malawi palibe amene akuwaitana. Ali pakatikati. Bambo wina wa kutchalitchi kwathu mwana wake wamkazi amasambira bwino zedi, analembera ofesi ina kumudzi kufunsa kuti mwanayu angayesedwe bwanji, anatumiza ndi nthawi zake zomwe, yankho silinabwere, mwana uja pano wadutsa msinkhu.

Ndikudziwa chimene ena anene, akuti ana a matchona abwere adzalande malo a mwana wa ku Nsanje amene wavutika wopanda nsapato. Nkhawa imeneyo ndi yoona ndipo ine monga mphunzitsi wakale wa kumudzi mtima wanga uli kwa mwana wa ku Nsanjeyo. Sindikupempha kuti mwana wa kuno apatsidwe malo, ndikupempha kuti apatsidwe mpata woyesedwa, wotchi iweruze. Pa kuthamanga ndi kusambira nkhani yake ndi yosavuta, lengezani nthawi imene mukufuna pa mtunda uliwonse, amene waikwanitsa pa mpikisano wovomerezeka kulikonse kumene ali atumize umboni. Tili ndi ofesi ya kazembe ku Pretoria ndi ina kuno ku Johannesburg, buku lolembamo ana aluso likhoza kukhala pamenepo, ndipo kamodzi pa chaka kochi mmodzi akwere basi adzawaone, malo ogona timupatsa ife. Lamulo la unzika wa mayiko awiri munalisintha kale kumudzi, nde chotchinga chenicheni palibe. Ndipo musaiwale kuti mwana amene waphunzira kwa kochi wabwino kuno akakhala mu kampu imodzi ndi anzake a kumudzi, zimene akudziwazo zimatsala komweko. Chikondi cha mbendera nde musakayike, mu October 2023 Scorchers itamenya Zambia 2-1 mu fainolo ya COSAFA pa Lucas Moripe ku Atteridgeville, amene analipo anaona mmene aMalawi a ku Diepsloot, Cosmo City ndi Tembisa anakhamukira, anthu kujomba ku ntchito kkkk mabwana awo mpaka lero akudziwa kuti kunali maliro.

Kwa inu mabwana a ku Gaborone ndili ndi mau ochepa. Mwasunga mpikisano umenewu zaka zoposa 20 osaduka, ngakhale Covid inangouchedwetsa, zimenezo mu Africa muno si zamasewera ndipo ndikuvulirani chipewa. Munachitanso bwino kuikamo mipikisano ya ana osaona, ndi kugwirizana ndi COSAFA kuti mpira wa achisodzera uzichitikira momwemo. Koma mukubisa katundu wabwino. Mu July 2025 masewera anachitika ku Windhoek ndi Swakopmund, kuno ku Joni kumene kuli anthu a mayiko onse khumi mu msewu umodzi, mu shopu mwathu amene ankadziwa ndinali ndekha. COSAFA Cup aliyense amaidziwa, iyi ayi. Kambiranani ndi ma wailesi a mayiko onse, ndipo zoulutsa pa intaneti zikhale zopepuka zoti munthu wa data ya R10 aonere. Chachiwiri, dziko likamalandira alendo musamangoyendera nyumba kutatsala miyezi itatu nkumagwedeza mitu. Mndandanda mumaudziwa zaka zambiri zisanafike, yambani kufunsa kutatsala zaka 6, ndipo masewera akatha mubwerenso patapita zaka ziwiri mudzaone ngati mu dziwe muli madzi ndi ana, lipoti lake mulitulutse poyera. Boma lililonse limaopa manyazi pamaso pa anansi kuposa mmene limaopera ife ovota.

Olemekezeka a Nduna, kulandira kwa Namibia kachiwiri kukutanthauza kuti mayiko onse khumi alawa, mzere wayambiranso. Mayiko khumi, zaka ziwiri ziwiri, ngati tikhalenso kumapeto ndiye kuti alendo adzagogodanso cha mma 2040 umu. Inu pa mpandopo mudzakhala mutachoka, ine kaya ndidzakhala ndili moyo, ndipo ana amene adzavale jezi ya Malawi nthawi imeneyo ena ali kumbuyo kwa amayi awo pano ena sanabadwe. Ndi chifukwa chake nkhani ngati iyi nduna iliyonse imaisiyira mnzake, ndipo ndi mmene tinapezekera tikupaka penti alendo atakhala kale pansi. Ulendo winawo usadzakhalenso wa Lilongwe yokha. Zimbabwe inapatsa Bulawayo, South Africa inapatsa Potchefstroom, Namibia inagawirako Swakopmund. Mzuzu ilibe bwalo loti nkulandirirapo mlendo, Kamuzu Stadium yakalamba tonse tikuona, Zomba ili ndi yunivesite ndi malo ogona ana, Mangochi ili ndi nyanja. Sankhani pano, mulembe mu ndondomeko imene boma lobwera silingaifufute mwachisawawa, ndipo chaka chilichonse mu bajeti muzioneka kandalama kake ngakhale kochepa, tiraki imodzi chaka chino, dziwe laling'ono la mamita 25 chaka chinacho, makochi khumi kupita ku maphunziro chaka chinacho.

Yankho musavutike kundifunafuna ine. Lembani pa tsamba la unduna pa Facebook, tonse a kuno tili pomwepo usiku uliwonse tikaweruka. Muyambe ndi maina a ana a 2022 ndi ndandanda wa masiku amene sukulu za boma zizilowa mu dziwe lija, mainawo ali kale mmafayilo mwanu, kulemba zimenezi sikukufuna ndalama ya Treasury.

Ndatha ine wanu,
Mphunzitsi wakale, Mayfair, Johannesburg